Kuseri kwa Katani

Chitseko chija anachipaka penti yachikasu, chikasu choti ukachiyang'ana masana maso amachucha misozi. Pamwamba pake anakhomapo chikwangwani chachikulu ngati bedi, cholembedwa kuti pano timathandiza amayi ochitiridwa nkhanza, ndipo m'munsi mwa mawuwo munali mbendera ndi zizindikiro za anthu akunja amene anapereka thandizolo. Ine saluni yanga ili khomo loyandikana nalo, khoma n'limodzi, choncho zonse ndinkazionera pafupi, chipeso chili m'manja.

Tsiku lotsegulira kunali matenti, zokuzira mawu, zolankhula zosatha ndi masikipa aulere. Sikipa yanga ndimapukutira magalasi mpaka lero. Alendo atabalalika, m'chipindamo munatsala munthu mmodzi, mayi mlangizi amene kale anali namwino, wamfupi, wolankhula motsitsa mpaka umachita kutchera khutu. Bungwe limene linatsegula malowo linawaikira zonse: sofa yatsopano, bokosi la mankhwala, zidole za ana, ndi foni yolumikizana ndi apolisi komanso chipatala. Chimene chinkasowa ndi amayi oti athandizidwe. Anthu a mumsewu wathu sachedwa kupatsa munthu dzina, ndiye mlangiziyo anasanduka a Dikirani, poti ntchito imene tinkawaona akugwira inali yomweyo.

Sikuti m'dera lathu mulibe amuna omenya akazi. Funsani ife oluka tsitsi. Vuto linali tsidya la msewu. Moyang'anizana ndi chitseko chachikasucho pali shedi ya achimwene anga, amene amawotcherera zitsulo, kupanga mageti ndi mawindo. Kutsogolo kwa shediyo anaikako benchi yaitali, ndipo pabenchipo pamakhala oyendetsa njinga zamoto akamadikira okwera, ndi azibambo ena ongobwera kudzathera tsiku. Ngakhale nkhuku sidutsa mumsewumo osaikambirana. Tsiku lina mayi wogulitsa nthochi analowa kwa a Dikirani kukangopempha madzi akumwa, koma dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva kuti amuna ake amamukuntha. Amuna akewo anabwera kudzamuzazira pamaso pa makasitomala ake. Kuyambira pamenepo amayi ankachilambalala chitsekocho, ena mpaka kuwoloka msewu.

Ine nkhaniyi inkandiseketsa. Ndinkauza makasitomala anga kuti anthu achoka kutali, akwera ndege, kudzagulira a Dikirani sofa yogonapo masana. Pakamwa pangapa amayi anga anapalephera ndili mwana, ndipo mwamuna amene anayesa kundikwatira nayenso anapalephera, anangonyamula wailesi yake n'kubwerera kwawo.

Kenako kunagwa mvula yamatalala ndi mphepo, imene inasasula malata a chipinda chachikasucho n'kukawakoleka pamtengo wakuseri. Sofa ija inamwa madzi. M'mawa mwake kunabwera abwana a bungwelo, mayi wachitsikana wamagalasi, wophunzira kwambiri, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Anandipempha kuti a Dikirani akhale kaye m'kachipinda kanga kakuseri pamene akufunafuna mmisiri wa denga. Kachipindako ndimasungiramo meshi yolukira tsitsi, matawulo ndi mabotolo a mankhwala a tsitsi, ndipo chimene chimakalekanitsa ndi saluni ndi katani yamaluwa basi. Kalinso ndi khomo lina lotulukira kumbuyo, kumene ndimayanika matawulo. Ndinang'ung'udza kaye monga mwa chikhalidwe changa, kenako ndinavomera, pangano lake lakuti asandisokonezere meshi.

A Dikirani analowa ndi mipando yapulasitiki, ketulo, bokosi lawo lija ndi foni. A pabenchi anaona akusamuka, anaseka kuti kudikira kwasintha malo, n'kuiwala.

Sabata isanathe, kasitomala wina amene ndinali nditamuluka theka la mutu anati akufuna akaone mitundu ina ya meshi mkatimo. Ndinamuuza kuti mitundu yonse ili pakhoma pomwepa, koma iye anadzuka ndithu n'kulowa kuseri kwa katani. Anakhalitsa. Atatuluka maso anali psuu, meshi analibe, ndipo anakhala pampando n'kunena kuti tingopitiriza ndi yomweyi. Mawa lake wina anapemphanso kukaona meshi, ndipo zinangopitirira choncho. Ndinamvetsa pang'onopang'ono kuti saluni ndi malo amene mkazi angakhaleko tsiku lathunthu popanda mwamuna kumufunsa kuti wachedwa kuti, chifukwa akafika kunyumba mutu umamuchitira umboni. A pabenchi nawo ankangoona akazi akulowa ndi tsitsi lanyankhalala n'kutuluka atatchena, ndiye panalibe chokamba.

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti a Dikirani sankandiuza kanthu. Ine amene ndinawapatsa malo, ine amene nkhani za mumsewu uno zimayamba zafika kwa ine zisanapite kumsika. Ndinayesa kuwakola ndi tiyi wamkaka, ndinayesa kuwakonza nsidze mwaulere, koma ankangomwetulira n'kumandifunsa kumene ndimaoda meshi. Munthu akalowa ankandipempha kuti ndiyatse draya youmitsira tsitsi kapena wailesi kuti za kuseriko zisamveke. Ndinkayatsa, uku ndikuwatukwana chamumtima.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene owotchererawo, sankabwera kusaluni kawirikawiri ngakhale ankadziwa kuti sindingamulipiritse. Ankati sakonda kukokedwa tsitsi. Nthawi zonse ankamanga mpango, ndipo ine ndinkamuseka kuti wafulumira kukalamba. Ndi mkazi wofatsa, wamng'ono kwa ine, ali ndi kamtsikana kamodzi kamene kanali kusukulu ya mkaka. Tsiku limenelo anabwera chifukwa kunali ukwati wa msuweni wathu, ndipo amayi anga, apongozi akewo, analamula kuti aliyense akaoneke ngati munthu pazithunzi.

Nditamasula mpango n'kulowetsa chipeso kuti ndigawe mzere woyamba, ananyamuka pang'ono pampando. Ndinapatula tsitsi ndi zala. Kuseri kwa khutu kunali bala losapola, lotupa m'mbali. Chapamwamba panali chipsera chakale pamene tsitsi linasiya kumera, ndipo china chinali pankhongo. Ndagwira mitu yambiri pa moyo wanga. Mwamuna wochenjera samenya kumaso, amamenya m'tsitsi, mmene anthu a kutchalitchi ndi a kumsika sangaone. Zimenezi ndinkazidziwa kalekale, koma ndinkazidziwa pa amuna a anthu ena.

Mlamu anati anagundidwa ndi chitseko cha kabati. Kabati imeneyo ndimaidziwa, ndi yofika m'chiuno.

Ndinayang'ana pawindo. Achimwene anali atawerama pageti linalake, chigoba chili kumaso, moto ukuthetheka. Amenewa ndi munthu amene anandilipirira sukulu yoluka tsitsi bambo atamwalira. Mipando ya m'saluni muno anapanga ndi iwo osandilipiritsa, ndi umene mlamu anakhalirawo womwe. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya kwambiri. Ndinkafuna kuwoloka msewu n'kukawalalatira pamaso pa benchi yonse. Chinandigwira mwendo n'chakuti ndikanalalata ine masanawo, wolipira madzulo akanakhala mlamu.

"Alamu," ndinatero motsitsa, "talowani kuseriko mukasankhe meshi."

Anandiyang'ana pagalasi. Ankadziwa amene amakhala kuseriko, akazi onse anali atadziwa.

"Inu ndi mlongo wawo," anatero. "Lero mwakwiya, mawa mukhululukirana, ine n'kutsala padzuwa."

Ndinamuuza kuti ndi zoona, magazi ndi amodzi, ndipo sindingalonjeze kuti ndidzasiya kuwakonda achimwene anga. Koma ndinamuuzanso kuti mayi ali kuseriyo ndamuyesa ndi tiyi, ndamuyesa ndi nsidze, sanandiuzepo ngakhale dzina la munthu mmodzi. Zimene akanene kumeneko sizidzafika kwa ine, ndiye kwa achimwene zikadutsira pati. Anapinda ndi kupindanso mpango uja pamiyendo pake, kenako anadzuka. Draya ndinayatsa ndekha osapemphedwa, ndi wailesi yomwe.

Ku ukwati tinapita, tinajambulitsa, achimwene atakoleka dzanja paphewa pa mkazi wawo. Masabata otsatira mlamu anayamba kukonda tsitsi mwadzidzidzi: lero kudzalimasula, tsiku lina kudzalitsuka, tsiku lina kudzadandaula kuti ndinamukoka kwambiri. Achimwene ankandiseka kuti ndawaonongera mkazi, ndipo ndinkaseka nawo ndi mano okha. M'mawa uliwonse ankandikwezera dzanja ali tsidya lija, nthawi zina n'kunditumizira chakumwa dzuwa likatentha. Ndinkalandira. Kulandira kumeneko kunkandiwawa kuposa kukangana.

Tsiku lina mtima utandikwera ndinavula epuloni kuti ndiwoloke basi, zitheretu. A Dikirani, amene sankalowerera za ine, anandigwira pamkono pakhomo.

"Mukapita inu, mwamulanda mlamu wanu chinthu chimodzi chokha chimene chatsala m'manja mwake," anatero. "Asankhe yekha tsiku lake. Ife ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti akasankha, apeze khomo lotseguka."

Ndinavalanso epuloni, mokwiya ndithu. A Dikirani anapita ndi mlamu kuchipatala kudzera khomo lakumbuyo, bala linatsukidwa bwino, adokotala analemba zimene anaona. Izi ndinazidziwa chifukwa mlamu anandiuza yekha. Anati sanaganize chochita, akufuna nthawi, akuganizira mwana, akuganiziranso kuti akachoka akadya chiyani. A Dikirani sankamufulumizitsa, pamene ine ndikanakhala mlangizi ndikanamusenza pamutu tsiku loyamba lomwelo.

Ndiye denga linatha kukonzedwa. Malata atsopano mbee, sofa ina, penti yachikasu kuwonjezera. Abwana amagalasi anabwera kudzathokoza n'kunena kuti a Dikirani abwerera kuchipinda chawo kumapeto kwa mwezi, chifukwa kukubwera mlendo wochokera kwa opereka thandizo, ndipo lamulo lawo limati pamene thandizo lawo likugwira ntchito pakhale chikwangwani chooneka. Ndinaganiza za mlamu, amene anali atangoyamba kumene kutsegula pakamwa, kuti alowe pachitseko chachikasu amuna ake akumuona. Sakanalowa. Akanabwerera kumpango wake, ndipo tsiku lina tikanakamupeza kuchipatala kapena kupitirira pamenepo.

Ndinawalalatira abwanawo, mawu sindinasankhe. Ndinawafunsa ngati anabwera kudzathandiza akazi kapena kudzajambula chikwangwani. Anandisiya ndimalize. Kenako anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kunena kuti zonsezo akuzidziwa, kuti chitseko chija anasankha ndi iwo ndipo chimawasowetsa tulo, kuti akuluakulu awo awauza kale kangapo koma yankho limabwera loti lamulo ndi lamulo. Anati anthu amenewo si oipa mtima, kungoti msewu wathu sanaimemo. Anandipempha kuti tsiku la mlendo ndidzagwire pakamwa panga ndi manja onse, zinazo ndiwasiyire iwo.

Mlendoyo anali mayi wamtali wa imvi, khosi litapsa ndi dzuwa, ali ndi womasulira wake. Ndinkayembekezera kuti apita naye kuchipinda chachikasu kukamuonetsa sofa. M'malo mwake abwana anawoloka naye msewu n'kupempha achimwene kuti mlendo apumeko pabenchi yawo, pamthunzi. Achimwene anakondwa kwambiri. Anauza a njinga kuti asendere, anapukuta benchi ndi chipewa chawo, anaitanitsa zoziziritsa kukhosi. Achimwene anga amadziwa kulandira alendo, zimenezo palibe angawalande. Ine ndinaima pakhomo la saluni ngati ndikukutumula tawulo.

Abwana anafunsa achimwene, ngati nkhani yongocheza, kuti ntchito ya bungwelo akuiona bwanji iwo monga oyandikana nalo. Achimwene anayamikira kuti ndi ntchito yabwino zedi, amuna ena ndi zilombo. Kenako anaonjezera monyadira, akuloza chitseko chachikasu ndi ndodo yowotcherera.

"Koma kuno zimenezo kulibe, mayi. Ife timakhala pano tsiku lonse. Munthu sangalowe pamenepo ife osamuona, ndipo aliyense timamudziwa, ndi mwamuna wake yemwe. Chitsegulireni sipanalowe ndi mmodzi yemwe, kupatula wa nthochi."

Benchi yonse inaseka. Womasulira anamasulira. Mlendoyo sanaseke. Anayang'ana chitseko, anayang'ana azibambo amene anakhala nawowo mmodzimmodzi, botolo lili m'manja osamwa. Pambuyo pake abwana anandiuza zimene mlendo ananena ali m'galimoto: kuti kwawo nyumba zothawirako akazi sizikhala ndi chikwangwani, ndipo sakudziwa chimene chinawaganizitsa kuti akazi a kuno alibe mantha ofananawo.

Yankho la opereka thandizo silinachedwe. A Dikirani akhalabe kuseri kwa katani, bungwe lizilipira lendi, ndipo dzina la saluni yanga lisalembedwe paliponse. Alangizi ena aikidwe mwa njira yomweyo kwa telala ndi kusikelo ya ana. Chipinda chachikasu chikhale cha misonkhano ya azibambo, ndipo chikwangwani chikhale pomwepo, mawu ake atasinthidwa. Thandizo limene linali la matenti ndi masikipa a chaka chotsatira analipititsa ku nyumba yobisika, kutali ndi dera lathu, kumene mkazi angakhale ndi ana ake n'kuphunzira ntchito mpaka atapeza poyambira, komanso kwa loya woti aziyenda naye kukhoti. Ine ndinangopempha katani yokhuthala.

Mlamu anasankha tsiku lake osandiuza. Unali m'mawa wamba, pakati pa sabata. Anabwera ndi mwana atavala yunifolomu, ndi kathumba kapulasitiki kamene amanyamulira mafuta a tsitsi. Kumaso kunali bwinobwino, koma dzanja lamanzere analigwirizira pachifuwa osalitambasula. Anagwedezera mutu achimwene tsidya lija monga masiku onse n'kulowa. Pampando sanakhale. Anangondikhudza pamkono n'kunena kuti zikomo alamu, kenako analowa kuseri kwa katani ndi mwana. Ndinamva khomo lakumbuyo likutsekedwa, ndinamva galimoto ikuchoka. Ndinali ndikuluka mphunzitsi wina, ndipo mizere yake inatuluka yokhota moti ndinachita kumasula n'kuyambiranso.

Achimwene anawoloka msewu dzuwa litapendeka. Anayamba ndi nthabwala, kuti kodi mutu umodzi ukutha tsiku lonse. Atayang'ana m'saluni n'kuona kuti mkazi wawo mulibe, nkhope inasintha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope imene mlamu ankaiona kunyumba. Ndinachita mantha, ine amene sindiopa munthu.

"Mkazi wanga ali kuti?"

"Sindikudziwa, achimwene."

"Usandiyankhe ngati kasitomala wako. Ndakulera ine."

"Mwandilera, ndipo ndimathokoza. Koma mutu wa alamu ndauona ndi maso angawa, ndaugwira ndi manja angawa. Kumene ali sindikudziwa, ndipo ndikanadziwa sindikanakuuzani."

Anakweza dzanja. Sindikudziwa ngati akanandimenyadi. Katani inatseguka ndipo a Dikirani anatuluka, foni ili m'manja, n'kuima pakati pathu, mutu wawo osafika n'komwe paphewa pa achimwene. Ndi mawu awo otsitsa aja anawauza kuti akazi awo ndi mwana ali bwino, kuti apolisi nkhaniyi akuidziwa, kuti adzaitanidwa kukhoti ndipo kumeneko adzapatsidwa mpata wolankhula. Anawauzanso kuti Loweruka lililonse azibambo amakumana khomo linalo, ndipo mpando wawo ulipo. Achimwene anatsitsa dzanja. Ananditchula mawu amene sindingawabwereze, anati ndawagulitsa kwa anthu akunja, n'kutuluka.

Nditatseka saluni ndinawapempha a Dikirani kuti andiuzeko ine ndekha kumene mlamu ali, poti ndine wachibale ndipo ndaikapo khosi langa. Anakana. Ndinakwiya, ndinalira, ndinawauza kuti ndi munthu wouma mtima. Ndili m'njira yopita kunyumba m'pamene ndinazindikira kuti ngati ine amene ndimawaphikira tiyi sanandiuze, ndiye palibe angawafinye. Mtima unakhala pansi.

Munthu amene ndinkamuopa kwambiri anali amayi. Anafika m'mawa mwake pa basi yoyamba. Sanalonjere. Anakhala pampando wa makasitomala, chikwama chili pamiyendo, n'kuyamba kundiimba milandu: kuti ndapasula banja la mchimwene wanga, ndayalutsa mtundu, mdzukulu wawo ndamupereka kwa anthu osawadziwa. Ndinawauza za bala ndi zipsera, ndi za dzanja lija. Anati mkazi aliyense ali ndi zake zimene amapirira, ndipo ine sindingazidziwe poti banja linandikanika. Anachoka tiyi osamwa.

Miyezi imeneyo sinali yophweka. Azibambo ena analetsa akazi awo kubwera kwa ine, ndipo mipando inkakhala yopanda anthu mpaka masana. Koma mwamuna sangaletse mkazi kusaluni, kwa telala ndi kusikelo konse nthawi imodzi, ndiponso omwewo oletsawo ndi amene amafuna akazi awo azioneka bwino kutchalitchi. Pang'onopang'ono makasitomala anabwerera.

Khoti linalamula kuti achimwene asayandikire mkazi wawo, azipereka thandizo la mwana, ndipo azipita kumisonkhano ya Loweruka. Amapita. Amakhala kumbuyo atapinda manja, ndipo wa njinga wina anandiuza kuti posachedwapa analankhulako. Sindikunena kuti asintha, ine ndimaluka tsitsi, za m'mitima sindiziona. Sitilankhulana. Mlamu anandiimbira kamodzi pa nambala yobisika. Anati dzanja lapola, mwana wayamba sukulu kumeneko, ndipo iye akuphunzira kuika magetsi a dzuwa pamadenga. Ndinamufunsa ngati saopa kugwa, ndipo anaseka mokweza mpaka ndinachotsa foni pakhutu. Zaka zonse zimene wakhala m'banja mwathu ndinali ndisanamumvepo akuseka choncho.

Amayi anabweranso nyengo yozizira itayandikira, atanyamula chikwama chachikulu cha zipi. Ndinaika chipeso pansi kukonzekera mkangano, koma anandidutsa ngati palibe munthu n'kukaima pa katani, osadziwa ngati pamagogodedwa. A Dikirani anatuluka. Amayi anati m'chikwamamo muli majuzi a mwana, nsapato zake zimene anaiwala kwa iwo, ndi bulangete. Anati sakufunsa kumene ali, akungopempha kuti katunduyo akafike. A Dikirani analandira ndi manja awiri n'kufunsa ngati pali uthenga.

Amayi anasisita chala chawo chakudzanja lamanja chimene chinapindika ine ndisanabadwe. Tili ana ankatiuza kuti chinapanidwa ndi chitseko.

"Mukamuuze mpongozi wanga kuti asafulumire kubwerera," anatero. "Ife nthawi yathu kunalibe kothawira."

Ndinawamvera chisoni amayi anga mmene ndinali ndisanawamverepo. A Dikirani anawafunsa ngati ali ndi nthawi yokhala pansi pang'ono. Amayi anati basi yawo ndi yamadzulo, n'kulowa kuseri kwa katani.